Kubwereka, Lendi ndi Ganyu: Mau a Chicheŵa pa Ntchito ya Woyendetsa Takisi ya Eni ku Troyeville

Munthu wa kwathu akafika ku Joni nayamba kuyendetsa takisi imene siili yake, abale kumudzi amamufunsa funso limodzi pa lamya: "Kodi ntchito mwaipeza?" Funsoli ndi lalifupi, koma kuliyankha moona m'Chicheŵa nkovuta. Akati "ndalembedwa" ndiye kuti wanama, pakuti palibe munthu amene adzamulipire pakutha pa mwezi. Akati "ndili ndi galimoto" wanamanso, ndipo kumudzi ayamba kale kuŵerengera malata a nyumba. M'nkhani ino tifuna kuona mau amene chilankhulo chathu chili nao ponena za munthu wotere, ndi kusonyeza kuti mneni amene tisankha amaulula, kapena kubisa, munthu amene asenze chitayiko tsiku likakhala loipa. Ziganizo zonse za zitsanzo tazipanga tokha monga eni chilankhulo.

Malo ndi ntchito yake

Troyeville ndi dera lakale la kuvuma kwa mzinda wa Johannesburg, loyandikana ndi Jeppestown, Bertrams, Kensington ndi bwalo la maseŵera la Ellis Park. Lidakhazikitsidwa patangopita zaka zochepa golide atapezeka mu 1886, ndipo dzina lake lidachokera kwa Gustav Troye, woyeza malo. Gandhi adakhalako mu Albemarle Street asadabwerere ku India, ndipo David Webster, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa pa yunivesite ya Witwatersrand, adaphedwa pakhomo pake mu Eleanor Street pa 1 May 1989. Kwa zaka zambiri deralo lidadziŵika ndi mabanja olankhula Chipwitikizi. Boma la tsankho litatha mu 1994, m'nyumba zake zakalezo mudaloŵa anthu a ku Mozambique, Zimbabwe, Congo, Malaŵi ndi maiko ena, ambiri a iwo ochita lendi chipinda chimodzi. Kwa woyendetsa takisi malo aŵa ndi abwino pa chifukwa chapafupi: mkati mwa mzinda ndi pafupi, ndipo mseu wa Albertina Sisulu wopita ku bwalo la ndege la O. R. Tambo umadutsa pomwepo.

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimodzi. Mmalaŵi akati takisi amatanthauza galimoto yaing'ono yonyamula munthu mmodzi kapena banja kukaŵatula pakhomo. Ku South Africa mau omweŵa, "taxi" m'Chingerezi kapena "itekisi" m'Chizulu, kaŵirikaŵiri amanena chimene ife timachitcha minibasi. Ife pano tikunena za galimoto yaing'ono ija: ya mita yoŵerengera mtengo, imene imadikira anthu pa Park Station ndi pa mahotela, komanso yoitanidwa kudzera pa foni, imene idayamba pamene kampani ya Uber idafika ku Johannesburg mu 2013. Kampani ya Taxify idatsatira, ndipo mu 2019 idasintha dzina kukhala Bolt.

Mlendo wofika kumene sakhala ndi ndalama zogulira galimoto, ndipo banki siimukongoza. Choncho amapangana ndi munthu amene ali nayo kale. Pangano lofala ndi lakuti dalaivala azipereka ndalama yoikika sabata iliyonse, kaya wanyamula anthu ambiri kaya ayi. Mafuta, ndalama za intaneti ya pa foni ndi zotsukitsira galimoto zimachoka m'thumba mwa dalaivala. Mwini galimoto nthaŵi zambiri amasamala za inshuwalansi, ngongole ya ku banki ndi kukonzetsa kwakukulu. Kampani ya pa foni nayo imatapa gawo lake pa ulendo uliwonse. Tiyerekeze kuti lendi ndi R2,500 pa sabata: ndiye kuti masiku oyamba a sabata munthuyo akugwirira mwini galimoto ndi wogulitsa mafuta, ndipo chake chimayamba kuoneka pamene zonsezi zakwana. Akadwala masiku atatu, lendi siidwala naye.

Palinso zikalata. Dalaivala afunika laisensi ndi chiphaso cha oyendetsa galimoto zonyamula anthu chotchedwa PrDP. Galimotoyo payokha ifunika chilolezo chonyamulira anthu pansi pa lamulo la National Land Transport Act la 2009, ndipo ikapezeka pa mseu ilibe, apolisi a mzinda amailanda. Lamulo lokonzanso limene lidazindikira takisi za pa foni lidasainidwa mu 2024. Zaka za pakatipo zidali za mikangano ndi eni takisi za mita, ndipo mu 2017 magalimoto adatenthedwa pafupi ndi siteshoni ya Gautrain ku Sandton. Amene adali m'kati mwa galimoto pa nthaŵi zotere adali dalaivala, osati mwini wake.

Mneni -bwereka

Mau oyamba kubwera m'kamwa ndi -bwereka. Mneniyu ali ndi khalidwe limene akatswiri a zilankhulo za Chibantu amalidziŵa bwino: amayang'ana mbali zonse ziŵiri.

(1) Ndabwereka galimoto kwa abwana.
(2) Abwana andibwereka galimoto.
(3) Abwana amabwereketsa magalimoto.

Mu (1) mwininkhani ndiye wolandira, ndipo wopereka akudziŵika ndi mperekezi kwa. Mu (2) tsinde silidasinthe, koma mwininkhani tsopano ndiye wopereka, ndipo wolandira waloŵa m'kati mwa mneni monga -ndi-. Chizulu chimachita chimodzimodzi ndi -boleka, Chiswahili ndi -azima. Mu (3) msintho wochititsa wachotsa kukayika konse, ndipo waonjezanso kanthu kena: kubwereketsa kumamveka ngati chizoloŵezi, mwinanso malonda, pamene kubwereka mnzako kumamveka ngati chifundo cha tsiku limodzi.

Vuto lake lili apa. Kumudzi timabwereka khasu, sefa, mtondo, njinga yopitira kuchigayo. Chinthu chomwecho chimabwerera kwa mwini wake, ndipo salipiritsa. Apa ndi pamene -bwereka amasiyana ndi -kongola, pakuti wokongola mchere kapena ndalama sabweza zomwezo koma zolingana nazo. Khutu la Mcheŵa limamva -bwera ndi -bweza m'kati mwa -bwereka, ndipo limamvanso chibale. Choncho mayi wa ku Ntcheu akamva chiganizo (2) kuchokera kwa mwana wake, amathokoza abwanawo chifukwa cha mtima wao wabwino, osadziŵa kuti Lolemba lililonse pamachoka ndalama zoposa zimene iye amaziona pa mwezi.

Komabe -bwereka amanena zoona pa mfundo imodzi. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka, ndipo aliyense amadziŵa kuti ikaguluka m'manja mwako mlandu ndi wako. Dalaivala akagundidwa pa mphambano, inshuwalansi imalipira gawo lina, koma pamakhala ndalama yoyamba imene inshuwalansi siilipira, ndipo mapangano ambiri amaiika pa iye. Mneniyu tsono amasenzetsa dalaivala udindo wa wobwereka, koma osamupatsa ulere umene wobwereka wa kumudzi amakhala nao.

Lendi ndi hayala

Poona kupereŵera kumeneku, eni chilankhulo adatenga mau kwa Angerezi. Timaŵatcha mau obwereka, ngakhale kuti palibe amene adaŵabwezapo. Oyamba ndi lendi, amene ena amati renti. Mau ena monga simenti ndi penti adasunga nt wa Chingerezi, koma lendi adatsata khutu la Chicheŵa, limene m'mau ake enieni lidazoloŵera nd ndi nth. Lendi ndi dzina, ndipo kuti ligwire ntchito ya mneni limatsamira pa -chita: kuchita lendi, kuchititsa lendi. Mauŵa adakulira pa nkhani ya nyumba, ku Ndirande, ku Kawale, ku Matero, ndipo amanyamula zonse zimene wokhala m'tauni amazidziŵa: tsiku loikika, ndalama yoikika, ndi landilodi amene samva za maliro kapena matenda. Mwa mau onse amene tili nao, aŵa ndiwo oyandikira kwambiri pangano la ku Troyeville.

Hayala ndi ina. Galimoto ya hayala ndi imene banja limatenga pamodzi ndi dalaivala wake kuti inyamule maliro kupita kumudzi kapena katundu posamuka. Wochita hayala sagwira chiwongolero. Choncho m'takisi imodzi muli zonse ziŵiri nthaŵi imodzi: wokwera kumbuyo wachita hayala, woyendetsa wachita lendi. Chingerezi chimatha kunena "hire" pa onse aŵiri, koma Chicheŵa chidagaŵa mau obwerekawo, lililonse ndi mpando wake. Womasulira amene alemba "galimoto ya hayala" ponena za pangano la dalaivala ndi mwini galimoto walakwa, ngakhale dikishonale itamuvomereza.

Kulembedwa, kudzilemba ndi ganyu

Tibwerere ku funso la pa lamya lija. M'Chicheŵa munthu wa ntchito yokhazikika amalembedwa, ndipo mau ameneŵa si fanizo chabe. Pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, pa boma, ndi pa ofesi ya Wenela imene inkatenga amuna kupita ku migodi, dzina la munthu linkaloŵa m'buku. Agogo a madalaivala a lero adapita ku Joni m'njira imeneyi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 nkupha Amalaŵi oposa 70, Dr Banda adaimitsa kulembako. Kudayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, imene anthu ankaitcha Theba, ndipo kudatha cha mu 1988. Ntchito ya ku mgodi idali yoŵaŵa ndi yoopsa, koma mnyamata wa pa Theba ankadziŵa amene wamulemba, nthaŵi ya pangano lake ndi kumene malipiro achokere. Mdzukulu wake amapita yekha pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo palibe buku limene muli dzina lake.

Omasulira zikalata za boma ndi za mabungwe, pofuna mau a "self-employed", adapanga kudzilemba ntchito. Pa galamala palibe cholakwika: -dzi- wodzichitira waloŵa pamalo pa pamtherankhani. Mauŵa amayenera mmisiri wa matabwa amene ali ndi sowo ndi pulena yake. Koma kwa dalaivala wathu akunena zopitirira. Chida si chake. Mtengo wa ulendo wa pa foni sauika iye, imaika ndi kampani. Mwini galimoto angathe kuilanda Lachisanu madzulo. Chimene chili chake chokha ndi maola, ndipo lendi imaŵadya maolawo asadayambe kusankha.

Nanga ganyu? Akatswiri ena amati mauŵa adachokera ku Chipwitikizi "ganho", kutanthauza chopeza. Waganyu amalima ndime imene apangana, nalandira ufa kapena ndalama tsiku lomwelo. Ulendo uliwonse wa takisi umafanana ndi ndime yotere, ndipo nchifukwa chake ena amamasulira "gig" ndi "piece job" kuti ganyu. Koma waganyu salipira mwini munda kuti aloledwe kugwira khasu. Tsiku lake likaipa amabwerera chimanjamanja. Dalaivala wa lendi tsiku lake likaipa amabwerera ndi ngongole. Kusiyana kumeneku nkwakukulu moti sitingakuphimbe ndi mau amodzi.

Tionjezepo kuti dalaivala amatcha mwini galimoto abwana, ndipo wokwera aliyense amamutchanso bwana. Dzinali, lochokera ku Chiswahili, ndi la ulemu chabe, ndipo silitiuza kanthu za pangano.

Msintho wochitira ndi funso la ku khoti

Pamene maina atilephera, misintho ya aneni imatithandiza. Taonani tsinde -yenda:

(4) Ndikuyendetsa galimoto ya abwana.
(5) Ndikuŵayendetsera abwana galimoto.
(6) Ndikudziyendetsera ndekha.

Chiganizo (4) chikunena za umwini wa galimoto basi. Mu (5) msintho wochitira -er- wabweretsa munthu amene phindu la ntchito likupita kwa iye, ndipo aliyense womva aganiza kuti wolankhulayo ndi wantchito wa abwanawo. Mu (6) wopindula ndi mwininkhani yemwe. Dalaivala mmodzi angathe kunena ziganizo zonse zitatu pa sabata imodzi osanama: (5) Lolemba pamene akusaka ya lendi, (6) Loŵeruka usiku pamene lendi yakwana.

Chodabwitsa nchakuti lamulo la ntchito la South Africa limafunsa funso lomweli. Ndime 213 ya Labour Relations Act ya 1995 imati wantchito ndi munthu amene amagwirira wina ntchito nalandira malipiro, kupatula wa pangano lodziimira payekha, amene Chingerezi chimamutcha "independent contractor". M'Chicheŵa mlandu wonse uli pa kachidutswa kamodzi kotsogolera tsinde: kumugwirira kapena kudzigwirira. Wa -mu- angathe kukasuma ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi oŵalemba, akachotsedwa mosayenera. Wa -dzi- alibe khomo limenelo. Ndipo pa mlandu wa Discovery Health mu 2008, khoti la za ntchito lidagamula kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha ali wantchito ndithu pamaso pa lamuloli. Motero kwa Mmalaŵi wa ku Troyeville chotchinga choyamba si pasipoti koma kachidutswa kaja.

Mu July 2017 CCMA idagamula kuti madalaivala ena amene adatsekeredwa pa pulogalamu ya Uber adali antchito a nthambi ya kampaniyo ya ku South Africa. Mu January 2018 khoti la za ntchito ku Cape Town lidathetsa chigamulocho, ponena kuti mapangano adali ndi Uber BV ya ku Netherlands, osati nthambi imene adaisumirayo. Funso lakuti kodi adali antchito a Uber BV khotilo silidaligamule. Ku Britain khoti lalikulu lidaŵeruza mu February 2021 kuti madalaivala a kampani yomweyo ali m'gulu la "worker", lokhala pakati pa wolembedwa ndi wodziimira. Mwa mau athu tingati khoti la ku Cape Town lidapeza kuti -mu- wa mu kumugwirira adaloza munthu wolakwika. Tionenso kuti dalaivala sanena "andichotsa ntchito" koma "anditsekera", mneni wa chitseko, wopanda dzina la wotsekayo.

Zilankhulo zoyandikana nazo sizithandiza kumasula mfundoyi. M'Chizulu -qasha ndi kulemba munthu ntchito komanso kuchita lendi, kotero kuti umqashi angakhale bwana wolemba antchito kapena munthu wokhala m'nyumba ya eni. Chisuthu chili ndi -hira wa matanthauzo aŵiri omwewo, ndipo Chiafrikaans chimatcha takisi "huurmotor". Ngakhale malamulo a Aroma, amene South Africa idalandira kudzera kwa Adatchi, adaika zonse pansi pa dzina limodzi, "locatio conductio", nkumasiyanitsa pambuyo pake lendi ya chinthu, ntchito ya munthu ndi ntchito yomalizidwa. Chicheŵa pano nchosamala kuposa zonsezi, pakuti -lemba, lendi, hayala ndi ganyu saloŵana m'malo. Mmalaŵi amene amva mnzake wa Chizulu akunena za umqashi, nkumasulira mumtima kuti "wondilemba", angadziyese wantchito pamene ali wa lendi.

Mau ofeŵa

Makampani a pa foni amakonda mau akuti "partner", ndipo pa mlandu wa ku Cape Town mauŵa ankanena makamaka eni magalimoto amene amaika madalaivala. Tikaŵamasulira mwachindunji tipeza mnzathu, kapena wogwira naye ntchito limodzi. Ife eni Chicheŵa tili ndi chifukwa chochenjerera ndi mau otere. Kuthangata kudali kuthandizana kwa anthu a mudzi umodzi. Azungu a maesiteti a ku mapiri a Shire adatenga mau omwewo nkuŵaika pa ntchito ya mwezi umodzi kapena iŵiri imene munthu ankagwira polipira malo amene wakhalapo. Thangata lidali limodzi mwa madandaulo aakulu pa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, pamene esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero idathiridwa nkhondo, ndipo lidathetsedwa mu 1962. Mneni -thangata akadali wabwino mpaka lero, koma dzina lochokera kwa iye lidasanduka loŵaŵa. Pambuyo pake padabwera matenanti a fodya, amene ankatenga mbeu, feteleza ndi chakudya kwa mwini esiteti pa ngongole, nkudzaona pogulitsa kuti chotsala nchochepa. Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi idaletsa dongosololi mu 2021.

Sitikunena kuti dalaivala wa ku Troyeville ali pa thangata. Iye angathe kubweza makiyi nkuchoka, ndipo alipo amene adasunga ndalama mpaka kugula galimoto yaoyao, ena mwa pangano lakuti lendi ya zaka zingapo isanduke mtengo wogulira. Eni magalimoto ambiri naonso si anthu olemera. Ena ndi alendo anzathu a galimoto imodzi, amene banki ikuŵadikira kumapeto kwa mwezi. Chimene chikufanana m'nkhani zitatuzi ndi kamangidwe kake: chida ndi cha wina, gawo la mwini chida limachoka poyamba, ndipo chaka kapena sabata ikaipa chitayiko chimagwera wogwira ntchito. Womasulira akaika mnzathu pamwamba pa pangano lotere wathandiza kubisa kamangidweko.

Pa chifukwa chimenechi ife tikadakonda kuti olemba madikishonale ndi otanthauzira m'makhoti asafulumire kupanga dzina limodzi latsopano. Mau akuti woyendetsa galimoto ya lendi ndi aatali, koma munthu wa ku Mangochi ndi wa ku Chipata aŵamva mofanana, ndipo sanama. Kudzilemba ntchito kusungidwire amene chida ndi chake.

Chotsala ndi msintho wochitidwa. Mapangano ameneŵa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo dalaivala amaŵamva kudzera kwa mnzake amene adafika kale. Chingerezi cha mapangano chimakonda kusatchula wochita, ndipo Chicheŵa chimalola zomwezo:

(7) Galimoto ikaonongeka, ndalama yoyamba idzalipiridwa pasanathe masiku asanu ndi aŵiri.
(8) Galimoto ikaonongeka, inu mudzalipira ndalama yoyamba pasanathe masiku asanu ndi aŵiri, ngakhale wolakwa atakhala wina.

Mu (7) muli aneni aŵiri obisa munthu: -onongeka wa msintho wochitika, amene salola nkomwe kutchula woononga, ndi -lipiridwa, amene wasiya wolipira kunja. Chiganizochi nchokhulupirika ku mau a Chingerezi, ndipo mphunzitsi wa kumasulira angachipatse malikisi onse. Koma munthu amene watsala pang'ono kusaina afunika (8), pamodzi ndi inu wake woonekera poyera, ndipo womuŵerengera ayenera kufunsa mwini galimoto pomwepo ngati mbali yomalizayo ilidi m'pangano.